Chingerezi cha Yani? Mafunso a Amalawi a ku East Rand ndi Ngongole Yathu kwa Iwo

Aliyense amene anaphunzitsapo Chingerezi kwa anthu akuluakulu adziwa kuti pali funso limodzi limene limabwera kawirikawiri kuposa ena onse. Wophunzira amanena chiganizo chake, kenaka n'kufunsa kuti, "Kodi mwini chinenero angayankhule chomwechi?" Iye safunsa ngati chiganizocho chikumveka, pakuti adziwa kale kuti chikumveka. Chimene afuna kudziwa n'chakuti, kodi mawu akewo akumuulula kuti ndi mlendo? Funso limeneli ndinalimva kambirimbiri pa miyezi imene ndinakhala m'dera la Ekurhuleni, limene ambiri amalitchulabe East Rand, kum'mawa kwa Johannesburg, pamene madzulo ena ndinkathandiza Amalawi anzanga pa Chingerezi m'chipinda cha tchalitchi china ku Tembisa. M'nkhani ino ndifuna kunena kuti mafunso a anthu amenewa, ngakhale amaoneka ngati mafunso a Chingerezi, ambiri mwa iwo ndi mafunso a galamala ya Chichewa, ndipo kuti ife akatswiri a zinenero za Chibantu talakwa powasiyira olemba mabuku a ku London kuti awayankhe.

Dera limeneli sindinalisankhe mwangozi. Njira ya ku Joni ndi yakalekale kwa Amalawi, ndipo migodi ya golide ya ku Boksburg, Benoni, Brakpan, Springs ndi Nigel inamwa thukuta la agogo athu zaka zambiri. Hastings Kamuzu Banda ali mnyamata anagwira ntchito pa mgodi wa Witwatersrand Deep, kufupi ndi Boksburg, mpaka 1925 pamene ananyamuka kunka ku America, ndipo chimene chinamupatsa mpando wa ukalaliki pa mgodipo chinali Chingerezi chimene anachitola m'sukulu za mishoni kwawo ku Kasungu. Munthu yemweyu ndiye anadzakhala pansi ndi Mark Hanna Watkins ku Chicago kumupatsa mawu ndi ziganizo zimene zinabala galamala ya Chichewa ya 1937. Koma ndi yemweyunso amene mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, kumene Chingerezi cha ku England chinakwezedwa pamwamba ngati nyenyezi yotsogolera mtundu. Maganizo akuti Chingerezi chenicheni ndi chimodzi chokha, ndipo kwawo ndi kutsidya kwa nyanja, tinayamwira ku bere, ndipo Amalawi amawasenzabe m'chikwama popita ku Joni.

Unyinji wa anthu a pa mgodi sunkasowa Chingerezi. Amene ankatengedwa ndi Wenela ankalamulidwa m'Fanakalo, chinenero cha pa ntchito chomangidwa pa Chizulu, chimene munthu ankachigwira pa milungu yowerengeka. Pofika 1973 Amalawi a m'migodi ya South Africa anali oposa 100,000. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown pa 4 April 1974 n'kupha Amalawi 74, boma linaletsa kulemba anthu ntchito. Kulembako kunayambanso mu 1977, koma anthu anali ochepa, ndipo kunatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a HIV. Amene amapita lero amapita okha pa basi, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, popanda kontirakiti, popanda komboni yowalandira, popanda womasulira. Amasoka zovala, amalondera, amasamala maluwa, amaphika ndi kulera ana m'nyumba za anthu, ena amalowa m'mafakitale a ku Wadeville ndi Isando. Ntchito zonsezi munthu amazipempha ndi pakamwa pake, ndipo amazitayanso ndi pakamwa pake.

Tsono funso lija la mwini chinenero likabwera, tiyenera kuyamba tafunsa kuti mwiniyo ndani. Kalembera wa 2011 anasonyeza kuti ku Ekurhuleni chinenero cha pakhomo cha anthu ambiri kuposa zina ndi Chizulu, pamene Chingerezi chinali cha munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 8 alionse. Mmalawi wokhala ku Tembisa kapena ku Daveyton amayankhula Chingerezi ndi mwini nyumba amene ndi Mpedi, ndi woyendetsa minibasi amene ndi Mzulu, ndi wogulitsa m'kagolosale amene ndi Msomali, ndi kapitawo amene kwawo amayankhula Chiafrikaans. Munthu wa ku England mwina sakumana naye chaka chathunthu. Ndipo ngakhale azungu a ku Benoni amene Chingerezi anabadwa nacho sayankhula monga mwa buku limene tinaphunzira ku Zomba. Akati "just now" satanthauza posachedwapa kapena tsopano lino, koma nthawi ina m'tsogolomu, mwina madzulo, mwina mawa. Akafuna kufulumirako amati "now now". Amati "shame" poona khanda lokongola. Amati "Is it?" pa nkhani iliyonse, ngakhale chiganizo chake chikhale cha anthu khumi. Zonsezi zinalembedwa kale m'madikishonale, kuyambira la Jean Branford la 1978 mpaka lalikulu la Oxford la 1996 limene anakonza Penny Silva ndi anzake ku Rhodes University. Mnyamata wina wa m'kalasi mwanga anaima pa chipata cha fakitale kuyambira m'mawa mpaka masana chifukwa anauzidwa kuti bwana amuona "just now". Galamala yake inali yabwino kuposa ya mlonda amene anamuuza zimenezo.

Koma chitsanzo chimene chinandipweteka mtima, ndipo ndicho chinandilembetsa nkhani ino, ndi cha mayi wina wa ku Ntcheu amene ankagwira ntchito ya m'nyumba cha ku Kempton Park. Tsiku lina m'nyumbamo munasowa ndalama. Dona wake anamufunsa kuti, "You didn't take it, did you?" Mayiyo, ndi mtima woyera, anayankha kuti, "Yes, madam." Anachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, ndipo anafika m'kalasi mwathu patapita miyezi ingapo asakudziwabe chimene chinachitika. Sindikunena kuti galamala yokha ndiyo inamuchotsa, pakuti ndalama zikasowa m'nyumba zotere wantchito wachilendo ndiye amayamba kuganiziridwa, ayankhe bwino kapena ayi. Koma liwu limodzi lija linapereka chingwe kwa amene ankafuna kumumanga.

Owerenga magazini ino aona msanga pamene panagona nkhani. M'Chichewa, munthu akafunsa kuti, "Simunatenge ndalama zija?" wosatenga amayankha kuti, "Inde, sindinatenge," ndipo wotenga amati, "Ayi, ndinatenga." Mawu akuti inde amavomereza zimene wofunsa wanena, mawu akuti ayi amazitsutsa. M'Chingerezi cha m'buku "yes" ndi "no" sayang'ana wofunsa konse, koma amatsata mneni wa yankho: ngati mneniyo ndi wokana, yankho ndi "no", funso likhale lotani. Njira ziwirizi ndi zolongosoka zonse, ndipo ya Chichewa si yathu yokha, pakuti Chijapani chimachitanso chimodzimodzi. Chimene chinabisa msamphawu kwa mayi uja n'chakuti "yebo" wa Chizulu amayenda monga inde wathu, kotero kuti anansi ake onse a ku Tembisa, poyankhula naye Chingerezi, ankamumva bwino lomwe. Palibe anamuwongolapo chifukwa kwa iwo panalibe chokhota. Nditalemba ziganizo ziwiri za Chichewa zija pa bolodi n'kuika za Chingerezi pansi pake, kalasi yonse inamva pa mphindi zisanu chinthu chimene ena anachiphunzira zaka khumi ndi ziwiri m'sukulu osachimva. Mankhwala akenso ndi apafupi: funso lokana lisayankhidwe ndi liwu limodzi, koma ndi mneni wake, "I did not take it." Kodi ndi buku liti la ku London limene likanamuuza mayiyo zimenezi, pamene wolemba wake sadziwa kuti inde amagwira ntchito yanji?

Mafunso ena ndi opepuka, ndipo yankho lake loona ndi lakuti munthu asade nawo nkhawa. Mnyamata wina amene anakhoza bwino mayeso a MSCE anandidandaulira kuti anzake a pa ntchito amati "borrow me your pen", ndipo iye atawawongola kuti anene "lend", anamuseka n'kumupatsa dzina lakuti mzungu. Ndinamufunsa kuti m'Chichewa amati chiyani. Amati "ndabwereka njinga kwa malume", amatinso "ndibwerekeni cholembera". Mneni ndi mmodzi, ndipo mbali imene chinthu chikulowera imadziwika ndi mawu omuzungulira. Chizulu chili ndi "-boleka", mbale wake weniweni wa kubwereka, ndipo amachita chimodzimodzi. Chiafrikaans nachonso chili ndi "leen" mmodzi pa mbali zonse ziwiri. Zinenero zitatu zikakankhira mbali imodzi, n'zosadabwitsa kuti "borrow me" wakhazikika pa East Rand ponse. Mnyamatayo ayenera kudziwa "lend" polemba kalata ku banki. Koma kuwongola anzake pa nkhomaliro kunali kudzikumbira dzenje popanda phindu.

M'gulu lomweli muli "I am coming" wa munthu amene akutuluka, amene ndi ndikubwera wathu. Muli "sorry" wonenedwa kwa munthu amene wapunthwa yekha, amene ndi pepani. Muli "I am asking for water", amene ndi ndikupempha ndiponso "ngicela" wa Chizulu, ndipo ine ndimamuona waulemu kuposa zambiri za m'buku. Zimenezi sizipha munthu.

Pali ziwiri zimene zili zofunika kuti tiimepo, chifukwa pa izo kafukufuku wathu ali ndi chonena. Choyamba ndi ziganizo monga "I am having two children" kapena "I am knowing him". Aphunzitsi amazilemba mzere wofiira n'kunena kuti aneni ena salandira "-ing", ndipo wophunzira amapatsidwa ndandanda yoti aloweze pamtima. Koma tikayang'ana Chichewa tiona kuti mphatikiram'kati -ku- sasankha aneni motero: timati ndikulima, timatinso ndikudziwa, ndikufuna, ndikumva. Wophunzira amene anauzidwa mu Sitandade 3 kuti -ku- ndiye "-ing" akuchita zolondola monga mwa lamulo limene anapatsidwa. Lolakwa ndi lamulolo. Bertus van Rooy anasonyeza mu 2006 kuti kufalikira kwa "-ing" kumeneku m'Chingerezi cha anthu akuda a ku South Africa kuli ndi dongosolo lake, si chisawawa. Munthu akauzidwa kuti -ku- wa Chichewa ndi wotambalala kuposa "-ing", ndipo kuti Chingerezi cha m'buku chimasiyanitsa zochitika ndi zokhalitsa pamene ife sitisiyanitsa pa malo amenewa, ndandanda ija imasanduka chinthu chomveka.

Chachiwiri ndi "My brother he is working in Germiston". Pano mphunzitsi amati "he" ndi wobwereza, achotsedwe. Koma m'chiganizo chakuti "Mchimwene wanga akugwira ntchito ku Germiston", mgwirizanitsi a- wa pa mneni sangachotsedwe. Dzina la mwininkhani lingachoke, koma iye ayi. Joan Bresnan ndi Sam Mchombo, m'nkhani yawo ya 1987 m'magazini ya Language, anafotokoza kuti mgwirizanitsi ameneyu nthawi zina amangosonyeza mgwirizano, ndipo nthawi zina amagwira ntchito ya mlowam'malo weniweni, pamene dzina lija limakhala mutu wa nkhani chabe. Khutu la Mchewa, tsono, limamva mneni wa Chingerezi wopanda "he" ngati wamaliseche. Nkhani ya Bresnan ndi Mchombo yawerengedwa m'mayunivesite a dziko lonse lapansi, ndipo Chichewa chinatchuka nayo pakati pa anthu amene sanapondepo ku Malawi. Koma nzeru yake, imene ingafotokozedwe m'ziganizo zitatu, sinafike kwa mphunzitsi wa ku Ntcheu kapena kwa telala wa ku Katlehong. Apa ndi pamene ndikuti tili ndi ngongole.

Mlowam'malo wa "he" ndi "she" ndi nkhani ina, ndipo pa iyo sindinyengerera. Gulu loyamba la mayina silisiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ndipo Mchewa wophunzira kwambiri amatha kuterereka akatopa. Pocheza palibe kanthu. Koma popereka umboni ku polisi, kapena pofotokozera namwino za wodwala, kusintha "he" ndi "she" pakati pa nkhani kumachititsa munthu woona kuoneka wabodza. Chimodzimodzinso ulemu wathu wa kuchulukitsa. Mtsikana akauza mnzake kuti "They are calling you", pamene woitanayo ndi bwana mmodzi, iye wamasulira akukuitanani mokhulupirika. Koma womva amafunafuna gulu la anthu limene kulibe. Chingerezi chinataya kale kusiyana kwa iwe ndi inu, ndipo ulemu wake chinausamutsira m'mawu ozungulira monga "would you mind" ndi "could I". Mmalawi amene sanauzidwe zimenezi amadzaza mpatawo ndi "boss" ndi "madam" pa chiganizo chilichonse, ndipo pa East Rand, pamene mawu amenewo ali ndi fungo la nthawi ya tsankho, anzake a pa ntchito amamuona ngati wodzigulitsa kwa mabwana. Iye ankangofuna inu wake.

Ndidziwa chimene ena adzanena, pakuti mkangano umenewu si watsopano. Mu 1990 Randolph Quirk analemba m'magazini ya English Today kuti kuphunzitsa anthu Chingerezi cha m'dera lawo ndi kuwatsekera makomo a ntchito ndi maphunziro, ndipo chaka chotsatira Braj Kachru anamuyankha kuti Chingerezi cha ku India kapena ku Nigeria chili ndi malamulo akeake ndipo sichisowa chilolezo cha London. Mtima wanga uli ndi Kachru, koma sindingaiwale kuti amene amalipira mtengo wa maganizo athu si ife. Kalata yofunsira ntchito imawerengedwa ndi munthu amene sanamvepo za Kachru, ndipo "I am having a certificate" angaiponyetse m'dengu. N'chifukwa chake sindiuza wophunzira kuti zonse n'zabwino. Ndimamuuza kuti chiganizo chake chachokera pati m'Chichewa, chimamveka bwanji ku Tembisa, ndipo chidzaoneka bwanji pa pepala. Kusankha n'kwake. Munthu amene amadziwa kuti chovala cha ku maliro n'chosiyana ndi cha ku munda sasowa kuuzidwa kuti chimodzi mwa izo ndi chonyansa.

Palinso malire a Chingerezi amene tiyenera kuwanena mosabisa. Mu May 2008, pamene chiwawa chothamangitsa alendo chinapha anthu 62 m'dziko la South Africa, malo ena a Ekurhuleni, monga mudzi wa zisakasa wa Ramaphosa kufupi ndi Reiger Park, anali pakati pa oyaka kwambiri. Magulu oimitsa anthu m'misewu sankayesa Chingerezi. Ankaloza chigongono n'kufunsa dzina lake m'Chizulu, "indololwane", liwu limene ngakhale Azulu ena achinyamata a m'tauni salidziwa. Choncho munthu akandifunsa mmene angayankhulire kuti asaoneke mlendo, sindingamunamize kuti yankho lili mu "a" ndi "the". Kusakaniza l ndi r, ndi lembo la liwu limene timaika kumapeto kwa mawu otha ndi lembo lopanda liwu, zidzamuulula ndithu; ndipo pa minibasi ya ku Vosloorus Chingerezi chosalala kwambiri chimaulula mlendo msanga kuposa chokhota. Kumeneko moni wa Chizulu kapena wa Chisutu ndi wa mtengo wapatali kuposa mutu wathunthu wa galamala, ndipo Mchewa, amene magulu a mayina ndi agwirizanitsi ali nazo kale m'mutu, amaphunzira zinenero zimenezi msanga akapeza womuonetsa pamene zikufanana ndi chake. Imeneyinso ndi ntchito ya katswiri wa Chibantu.

Gwero la vuto lili kwathu. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, ndipo munthu sangalandire satifiketi ya MSCE akalephera Chingerezi, ngakhale akhoze masamu onse. Ambiri a ife tinakulira m'sukulu zimene kuyankhula Chichewa pa bwalo kunali mlandu. Zotsatira zake n'zakuti mphunzitsi wa Chingerezi amachita manyazi kutchula Chichewa m'kalasi mwake, ndipo mphunzitsi wa Chichewa amaphunzitsa mneni, mwininkhani ndi mgwirizanitsi ngati zinthu zosakhudzana ndi phunziro la m'chipinda chinacho. Mwana amatuluka ndi magalamala awiri amene sanapatsanepo moni. Kufananitsa zinenero kunanyozedwa ndi akatswiri ena a kaphunzitsidwe m'zaka za m'ma 1970 chifukwa chakuti sikulosera zolakwa zonse, ndipo n'zoona kuti sikutero. "Discuss about" amapezeka kwa ophunzira a zinenero zosiyanasiyana ndipo Chichewa chokha sichingamufotokoze. Koma chida chimene sichigwira ntchito zonse sichitayidwa pa chifukwa chimenecho.

Chimene ndikupempha ndi chaching'ono. Pakufunika kabuku kolembedwa m'Chichewa, kosapitirira masamba 60, kotenga mafunso enieni amene Amalawi a ku East Rand amafunsa, n'kuyankha lililonse poyambira pa chiganizo cha Chichewa, n'kusonyeza pambali pake mmene anthu a m'deralo amanenera ndi mmene zimalembedwera. Kasakhale ndandanda ya zolakwa. Ndipo pakuti masiku ano anthu athu amawerengera pa foni, kagawidwe m'timitu tating'ono toti tingatumizidwe pa WhatsApp. Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, ili ndi anthu odziwa mbali ya Chichewa. Anzathu a m'mayunivesite a South Africa anasonkhanitsa kale zitsanzo zambiri za Chingerezi cha kumeneko, monga anachitira Vivian de Klerk ndi oyankhula Chixhosa m'buku lake la 2006. Chimene chikusowa ndi zoyankhula za Amalawi eni ake, zojambulidwa ndi chilolezo chawo ndi mosaulula mayina, pakuti ambiri mapepala awo sali bwino ndipo ali ndi chifukwa choopera munthu wonyamula chojambulira mawu.

Anzathu a ku University of Zambia ndi a ku Universidade Eduardo Mondlane ndiwapempha kuti alowe nawo, pakuti m'kalasi ya ku Tembisa ija munalinso anthu a ku Chipata ndi a ku Angónia. A ku Chipata mafunso awo anali ofanana ndi athu. A ku Angónia, amene sukulu yawo inali ya Chipwitikizi, kawirikawiri sankasokoneza "he" ndi "she", ndipo "the" sankawavuta monga ankativutira ife. Koma pa funso lokana ankayankha "yes" monga mayi wa ku Ntcheu uja, ndipo mutu umenewo udzayenera kukhala woyamba m'kabukuko kwa onse atatu.